Chitenje cha chinkhoswe ndi suti ya pa kaunjika, mumadziwa bwanji kuti chovala ndi chabwino?

NaBanda_wa_ku_25:

Abale moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yatiimitsa mitu kunyumba kwathu, mwina pano pali odziwa za nsalu andithandize. Mng'ono wanga ali ndi chinkhoswe mwezi wamawa, nde udindo wosankha chitenje cha yunifomu ya mbali yakuchikazi wagwera ine, azimayi onse asonkha ndalama andipatsa kuti ndikagule. Ndazungulira mu msika wa Lilongwe koma vuto ndi loti dizaini imodzimodziyo ukuipeza pa mitengo itatu yosiyana, ndipo wogulitsa aliyense akulumbira kuti chake ndiye orijino, uyu akuti cha ku Tanzania, uyu akuti cha ku Congo, winanso akuti ndi Holland yeniyeni kungoti akutchipitsa chifukwa akufuna ya fizi. Ukagwira zonse zikumveka zokhuthala bwinobwino, zowala, koma tonse tikudziwa zomwe zimachitika ukangochiviika m'madzi koyamba, beseni lonse kufiira, chitenje chija n'kutsala kansalu kopepuka koti ukayanika ukuona anthu akudutsa kuseri kwake. Ndalama ndi za gulu izi, ndikagula zolakwika azindinena mpaka kalekale.

Nkhani yachiwiri ndi suti. Bambo akunyumba apeza suti pa kaunjika ku Tsoka, yotuwa, yolemera bwino, ndipo yawakhala zedi. Mayi anga atamva akuti zosatheka, mkamwini wawo sangakaime pamaso pa akuchimuna atavala chinthu choti munthu wina anavula, akagule yatsopano m'shopu olo ikhale yotchipa. Koma zatsopano zomwe thumba lathu lingakwanitse ndi zonyezimira zija zoti dzuwa likawomba munthu amangotuluka thukuta, ndipo ukakhala pansi kamodzi kumbuyo konse makwinya okhaokha.

Nde ndikufunsa, inu pogula mumayang'ana chani kuti mudziwe kuti nsalu kapena chovala ndi cholimba, osangodalira mtengo ndi pakamwa pa wogulitsa? Komanso mayi angawa akungovuta kapena pali nzeru pa zomwe akunenazi?

Telala_wa_pa_Ndirande:

Achemwali, choyamba musamakhulupirire dzanja lanu pa chitenje chosachapa. Kukhuthala komwe mukumva kuja nthawi zambiri ndi sitachi, opanga amaipaka dala kuti nsalu yopyapyala iziuma ndi kuoneka yolemera. Gwirani pakona n'kupekesa ndi zala mwamphamvu ngati mukuchapa, kenako muyang'ane. Pakafewa kwambiri n'kutuluka kaufa koyera, dziwani kuti mukugula sitachi. Mukatero chitambasuleni moyang'ana kudzuwa muone ulusi wake. Nsalu yabwino ulusi umakhala wothinana, kuwala kumangodutsa pang'ono komanso mofanana paliponse, pomwe yachabe mumaona timabowo ndithu.

Chachiwiri tembenuzani. Wakisi weniweni amamunyika mu utoto nsalu yonse, nde mtundu umalowa mbali zonse ziwiri, kumaso ndi kuseri kumavuta kusiyanitsa. Zodinda wamba utoto umangokhala pamwamba, kuseri kumakhala kotumbuluka. Wakisi amakhalanso ndi timadontho ndi timizere tong'alukang'aluka tosafanana, pomwe pa zokopera timadonthoto amachita kujambula, nde mukayang'anitsitsa mupeza kadontho komweko kakubwereza malo omwewo pa duwa lililonse. Tengani kansalu koyera kapena hanki, nyowetsani, pukutani pamalo pofiira kapena pabuluu. Kutuluka pang'ono si nkhani, utoto wotsalira umachoka ndithu pochapa koyamba, koma hanki ikasintha mtundu yonse siyani. Wogulitsa akakana kuti muyese, wakuyankhani kale.

Za Holland zija musekeni chabe. Holland yeniyeni ndi ya kampani ya Vlisco, ili mu tauni ya Helmond ku Netherlands kuyambira 1846, ndipo mtengo wa mayadi 6 ake si woti munthu angatsitse chifukwa cha fizi ya mwana. Zolembalemba za m'mphepete mwa nsalu ndi sitika yagolide ija okopera nawonso amadinda, moti sizitsimikiza kanthu. Komanso mawu oti cha ku Tanzania amatisokoneza. Zoona Tanzania ili ndi mafakitale ake a nsalu, koma zitenje zambiri zomwe azimayi athu amakapikula ku Kariakoo mu Dar es Salaam n'kudutsa nazo pa Songwe kufika pa Taifa ku Mzuzu kapena kuno, zinatsika pa sitima kuchokera ku China ndi India. Sikuti zonsezo ndi zoipa ayi, pali zina monga Hitarget zomwe ndi za ku China koma ine ndasokapo kambirimbiri ndipo makasitomala sadandaula. Nkhani ndi yoti dzina la dziko silikuuzani kanthu za ulusi.

Ngati mukufuna kudziwa kuti ndi thonje kapena poliyesita, sololani ulusi pang'ono kumapeto muyatse ndi machesi. Thonje limayaka n'kununkha pepala lopsa, phulusa lake lofewa loti mukaligwira limangomwazika. Poliyesita amasungunuka, amanunkha pulasitiki, n'kusiya kambulu kolimba kakuda. Chitenje cha poliyesita sichisuluka msanga, apo ndisaname, koma chimatentha, sichimwa thukuta, chimaterereka m'chiuno, ndipo kuberekera mwana ndi mavuto chifukwa mfundo yake imamasuka.

Pa suti ndiyankhule ngati munthu amene amaphwasula masuti n'kuona zamkati. Onani lebulo ya mkati mwa thumba, ikalembedwa kuti ndi ubweya wankhosa wokhawokha kapena wochuluka, mwapata. Finyani mkono wake m'dzanja kwa kanthawi n'kusiya, ubweya umabwerera wokha. Onani pachifuwa ndi pa kolala ngati pali potupatupa, zikakhalapo ndiye kuti nsalu yamkati yomwe anamata ndi guluu yayamba kumatuka, ndipo zimenezo palibe telala angakonze. Onani m'khwapa, m'zigongono ndi pamatako a buluku ngati payamba kunyezimira chifukwa chakutha, muunikenso padzuwa kuti muone timabowo ta njenjete. Zipi ikakhala yolembedwa YKK ndi chizindikiro chabwino, ndi kampani ya ku Japan ndipo opanga amene akufuna kutchipitsa chilichonse kawirikawiri saigula. Chachikulu ndi mapewa. Chiuno, mikono, kutalika kwa buluku, zonsezo timakonza, koma mapewa akakhala aakulu kapena aang'ono isiyeni. Ngati yawakhala m'mapewa ndipo ndi yaubweya, ine suti imeneyo sindingasinthanitse ndi zonyezimira zija olo mutandipatsa ziwiri. Za mayi anu ndisiyire ena, ine ndimadziwa za singano basi.

MayiWaBelo:

Kkkk atelala mwaulula zinsinsi zonse, tidya chani ife. Koma zoona zake ndi zomwezo.

Ine ndimagulitsa kaunjika nde ndiyankhe mbali ya suti. Asisi, kawafunseni mayi anu kuti akuganiza kuti zovala zomwe zapachikidwa m'timabutiki tambiri ta mtauni muno zimachokera kuti. Tsiku lotsegula belo, anthu oyamba kufika si osauka ayi, ndi eni timashopu. Amaima pompo tikudula mawaya, amasankha zonse zapamwamba, zina zikadali ndi pepala la mtengo la kusitolo yakunja chifukwa mwini wake sanavaleko n'komwe, amalipira mtengo wa osankha oyamba, akapita nazo kwawo kuchapa, kusita, kupopera perefyumu, kuika pa hang'ala pansi pa getsi, basi yasanduka yatsopano mtengo kuwirikiza. Sindikunena kuti onse amatero, koma ambiri ndithu. Nde munthu amadutsa pa mulu panga atakweza mphuno, n'kukagula malaya omwewo kuseri kwa galasi akusangalala kuti iye savala kaunjika. Chomwe wagula pamenepo ndi galasi ndi hang'ala.

Koma ndisakunamizeninso kuti kaunjika aliyense ndi wabwino, zimenezo zinali kale. Anthu anazolowera kunena kuti bola kaunjika amalimba, ndipo chifukwa chake chinalipo: chovala chikavalidwa ndi munthu wina, kuchapidwa kambirimbiri, kuyenda panyanja mpaka kufika kuno chikadali bwino, ndiye kuti chayesedwa kale. Chofuna kusuluka chinasuluka kale, chofuna kufupika chinafupika kale, chomwe ukuona ndi chomwe ugule. Chatsopano sudziwa kuti chikachapidwa chikhala bwanji. Koma masiku ano m'mabelomu mwadzaza timadiresi ndi timabulauzi topyapyala toti kumayiko akunjako anthu amavala kawiri katatu n'kutaya. Belo la makilo 45 ulipira ndalama zambirimbiri, ndipo kugula belo kuli ngati kugula chivwende, sudziwa zamkati mpaka utang'amba. Pena upeza zabwino zongokwana m'manja, zotsalazo zoti uzikuwa nazo mpaka madzulo pa mtengo wotaya. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zinafika poipa, madola akusowa, oitanitsa katundu kumangokweza mtengo wa belo, mpaka mu February 2025 anzathu anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukadandaula. Nde mukaona tikukakamira mtengo musamati ndife akuba.

Langizo langa pa kaunjika ndi loti mutembenuze chovala kunja kukhale mkati. Kumaso aliyense amakongoletsa, chilungamo chili kuseri. Kokani msoko pang'ono, mukaona ulusi ukutseguka mano siyani. Onani ngati mizere kapena mabokosi a nsalu akukumana bwino pa msoko wa m'mbali ndi pathumba, opanga zotchipa sataya nthawi ndi zimenezo chifukwa zimadya nsalu. Onani mpendero ngati anasiya nsalu yokwanira yoti n'kufutukula. Mabatani apadera osokerera mkati nawonso amasonyeza kuti wopanga ankayembekezera kuti chovalacho chikhalitsa. Ndipo nunkhizani, fungo la belo limachoka, koma la nkhungu silichoka.

Sutiyo ipititseni ku dirayi kilini, musachape ndi manja mu beseni chonde, ubweya umafupika. Ikabwera mu pepala lake lija pa hang'ala ndione amene adzanene kuti ndi ya ku Tsoka.

AnaNgozo_a_Mvano:

Mwana wanga NaBanda, ine ndine wamkulu, foniyi anandiphunzitsa ndi adzukulu, nde mundipirire ndikatalikitsa. Atelala ndi amayi a belo akuuzani zoona pa za ulusi, koma mayi anu sakunena za ulusi. Inu mukufunsa kuti suti ilimba kodi, iwo akufunsa kuti akuchimuna akationa atiyesa anthu otani. Mukamawayankha ndi nkhani ya ubweya ndi zipi simumvana mpaka tsikulo lifike.

Ife tinakula nthawi yomwe chovala chatsopano chinali umboni woti munthu wagwira ntchito. Bambo akabwera ku Theba, kumigodi ya ku Joni, kapena ku Salisbury, komwe pano ndi Harare, mudzi wonse umadikira kuti sutikesi itsegulidwe, ndipo nsalu yomwe wabweretsera mkazi wake ndi mayi ake ndiyo imanena ngati ulendo unali waphindu. Chovala chovula wina unkalandira kwa abwana ako kapena ku mishoni, ndipo aliyense amadziwa kuti wapatsidwa. Maganizo amenewo sachoka msanga m'mutu mwa munthu. Enanso mwa ife timakhala ndi kamantha koti mwini wake wa chovalachi anali ndani, ali moyo kodi, anadwala chani. Mukhoza kuseka koma kwathu zovala za malemu sizingotengedwa, zimadikira tsiku lake logawa pamaso pa abale.

Komanso musaiwale kuti ife boma lenilenilo linkatiuza chovala. Lamulo la 1973 linaletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yoonetsa mawondo, amuna tsitsi lalitali linali mlandu, ndipo linachoka mu 1993 pomwe zinthu zinkasintha. A Kamuzu eni ake simukanawaona opanda suti ya mapisi atatu, chipewa ndi litchowa m'manja, ife azimayi tikuvina titavala nsalu ya nkhope yawo. Nde m'badwo wathu unaphunzira kuti chovala si nkhani ya iwe wekha, anthu amakuwerenga nacho. Olo lamulo litachoka maganizo anatsala, mukukumbuka mu January 2012 mavenda ena atavula azimayi ovala mabuluku mu Lilongwe, azimayi n'kukasonkhana ku Blantyre kukwiya nazo. Zinali zonyansa zimene zija, ine buluku sindivala koma mwana wa munthu savulidwa pamsewu.

Taonani yunifomu yathu ya Mvano, bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera. Nsalu yake ndi wamba, atelala akaipekesa mwina aipeza ndi sitachi yemweyo. Koma sungangoisoka n'kuvala, umachita kuvekedwa mu tchalitchi, ndipo ambiri a ife tinanena kale kuti tsiku lomaliza adzativeke imeneyo. Pamaliro mtsikana olo abwere pa galimoto yake atavala jinzi yodula bwanji, amatulutsa chitenje m'chikwama n'kumanga asanalowe pa siwa. Palibe amafunsa kuti chitenjecho ndi wakisi kapena ayi.

Pa chitenje cha chinkhoswe ndikuuzeni ichi. Sichitha tsiku limenelo. Azakhali anu akachisunga, adzavala ku tchalitchi, adzafunda pa maliro, adzaberekera mdzukulu, ndipo nthawi iliyonse azidzati ichi ndi cha pa chinkhoswe cha uje. Nde chikasuluka mwezi umodzi zimawawa kuposa ndalama yomwe yapita. Kale tinkagula nsalu za kwa Whitehead ku Blantyre, zopangidwa ndi thonje lathu lomwe, umachapa mpaka kutopa nayo. Fakitaleyo ilipobe, inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, ndipo magulu ambiri a mipingo amakadinditsa nsalu zawo kumeneko, kungoti pa gulu laling'ono ngati lanu n'kovuta chifukwa kudinditsa kumafuna nsalu yambiri.

Za mayi anu, musawagonjetse ndi mtsutso. Auzeni bambo akunyumbawo agule malaya atsopano, tayi yatsopano, ndipo akapite okha kwa apongozi awo atavala zonse akawaonetse mwaulemu, anene kuti amayi ndimati muone ngati ndikuoneka bwino poimira banja lanu. Munthu wamkulu amafuna kufunsidwa. Akakanabe pamenepo nde muziona, koma ndikukayika.

Mjomba_Leeds:

Ndawerenga zonse, amayi a Mvano mwandikumbutsa mayi anga, ulemu wanu.

Ine ndili ku UK nde ndikuuzeni mbali ya kuno komwe mabelo ena amachokera. Anthu amapereka zovala ku mashopu a mabungwe othandiza monga Oxfam ndi British Heart Foundation, kapena amaponya m'mabini a zovala omwe amakhala pa malo oimika magalimoto. Mashopuwo amasankha zoti agulitse konkuno, zotsala amagulitsa pa kilo kwa makampani osankhula, iwo n'kuzigawa m'magiredi, kumanga mabelo, ulendo wa ku Africa, Pakistan ndi kum'mawa kwa Ulaya. Nde zoti ndi zovala za anthu akufa, zilipo zina inde, koma zambiri eni ake ali moyo, angotopa nazo kapena anenepa. Chodabwitsa n'choti kuno kugula zovala zovalidwa kale panopa ndi fashoni, ana a anthu olemera amagula pa Vinted, msika wa pa intaneti wa zovala zovalidwa kale, n'kumanyadira kuti apeza jekete yakale. Zomwe kwathu munthu amabisa kuno akujambulitsa.

Chomwe ndikufuna kutsutsa ndi chikhulupiriro chathu pa lebulo ndi dzina la dziko. Timati zachaina ndi zachabe, za ku UK ndi orijino. Lowani mu shopu iliyonse kuno mutembenuze kolala, mupeza Bangladesh, China, Vietnam, Turkey, Cambodia. Zosokedwa ku UK kwenikweni ndi zochepa kwambiri. Nyumba ya Rana Plaza yomwe inagwa ku Bangladesh mu April 2013 n'kupha anthu oposa 1,100, munali mafakitale osokera mashopu odziwika a ku Ulaya ndi America. China yomweyo imasoka jekete yodula kwambiri komanso malaya oti sabata imodzi mabatani onse agwa, zimatengera kuti woitanitsa walipira zingati ndipo akayendera katunduyo ndani. Mashopu akuluakulu akuno ali ndi anthu oyeza nsalu asanalandire, komanso kasitomala akhoza kubweza chinthu chikakhala ndi vuto. Wamalonda wathu akapita ku Guangzhou ndi madola ochepa omwe wawapeza movutikira amafunsa chotchipitsitsa, chifukwa akudziwa kuti kwathu funso loyamba ndi zingati, ndipo chikang'ambika palibe kobweza. Nde vuto si dziko lomwe chasokedwa.

Za kuletsa kaunjika zomwe ena amanena kuti mafakitale athu adzuke, Rwanda inayesa. Mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana mu 2016 kuti athetse kaunjika, America itaopseza ena anabwerera m'mbuyo, Rwanda inakakamira ndi misonkho yokwera, ndipo mu 2018 inachotseredwa mwayi wogulitsa zovala ku America mopanda msonkho pansi pa ndondomeko ya malonda ya AGOA. Ife thonje timalima ku Chikwawa, Balaka, Salima, koma lambiri limatuluka litangochotsedwa njere. Ine ndikanakonda tikanayamba ndi kukonza zimenezo tisanalande MayiWaBelo bizinesi.

Asisi, sutiyo tengani. Ya ubweya weniweni yatsopano kuno ndi ndalama yoti ine ndemwe ndimayamba ndaganiza kaye.

Kabaza_Boy_99:

Akuluakulu mwayankhula zanzeru koma ine nditsutseko pang'ono, musandikwiyire. Nkhani ya kulimba mukuikweza kwambiri. Anthu ambiri sitigula chovala kuti chikhale zaka 10, timagula kuti Loweruka lino tioneke bho. Jezi ya Manchester United yomwe ndavala panopa ndikudziwa kuti ndi feki, wondigulitsa akudziwa, anzanga onse akudziwa, nde wapusitsidwa ndani? Ikugwira ntchito yake, aliyense akandiona akudziwa kuti ndine wa timu iti ndipo tikaluza andinena. Chimodzimodzi tsiku la Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, ofiira uku abuluu uku, palibe amatembenuza jezi ya mnzake kuona msoko. Nsalu za zipani nazo, yabuluu, yachikasu, ya tambala wakuda, zina zimakhala zopyapyala zedi koma tayesani kuvala yolakwika pamalo olakwika muone ngati anthu afunse za ulusi.

Nde pa yunifomu ya chinkhoswe ine ndikuti musazunze azimayi ndi chitenje chodula. Ena mwa iwo asonkha movutikira, ndipo adzafunikanso ya telala, ya mphatso, ya perekaniperekani. Pa zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp wakisi ndi chodinda wamba zimaoneka chimodzimodzi, chomwe chimaoneka ndi mtundu ndi kasokedwe. Chitenje chapakatikati chosokedwa ndi telala wodziwa chimaposa chodula chosokedwa mothamanga usiku wa Lachisanu. Pa suti pokha ndikugwirizana nanu, zonyezimira zija ayi, munthu amaoneka ngati akukaimba kwaya yekha.

NaBanda_wa_ku_25:

Zikomo nonse, sindimayembekezera kuti mundiyankha mozama chonchi. Amayi a Mvano, nzeru yanu ija ndawauza bambo akunyumba, aseka koma avomera, apita Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Achimwene a kabaza mfundo yanu ndaimva, sindigula chodulitsitsa, koma chosuluka ayi, azakhali anga simukuwadziwa inu kkkk.

Atelala ndifunsenso, anthu amati ukaviika chitenje m'madzi a mchere kapena viniga mtundu sutuluka, ndi zoona? Komanso ndigule zonse kamodzi kapena bwanji, tilipo azimayi ambiri ndithu ndipo ena akufuna kusoketsa chilundu, ena diresi, ena angomanga.

Telala_wa_pa_Ndirande:

Za mchere anthu amazinena kwambiri koma musadalire. Mchere umagwira ntchito pa nthawi yonyika nsalu ku fakitale, utoto ukakhala kuti sunagwire kumeneko simungaugwiritse ndi mchere wa kukhitchini. Chomwe chimathandiza ndi kuchapa ndi madzi ozizira, sopo wochepa, osachisiya chonyika usiku wonse, chokhachokha osasakaniza ndi zoyera, n'kuyanika pamthunzi chotembenuza. Dzuwa lathuli limasulutsa nsalu kuposa madzi.

Musagule zonse lero. Gulani mamita 2 okha a chomwe mwachikonda, muyeze kutalika kwake, mukachape madzulo, mawa muone mtundu ndi kufupika kwake. Chikapambana bwererani kwa munthu yemweyo mukagule zonse tsiku limodzi, ndipo muzitambasula chilichonse pambali pa chinzake panja powala, chifukwa dizaini imodzi ikadindidwa maulendo awiri mtundu umasiyana pang'ono, pa chithunzi cha gulu zimaoneka. Muonjezereko mapisi awiri atatu apadera, nthawi zonse pamapezeka mlamu wochokera kumudzi amene sanawerengedwe ndipo mukabwerera ku msika mupeza dizainiyo yatha. Ongomanga mamita 2 akwana, a diresi ndi chilundu afunse telala wawo kaye chifukwa zimatengera thupi ndi sitayilo, maluwa akuluakulu amadyanso nsalu pofuna kuti akumane bwino pa msoko. Onse osoketsa achape nsalu asanapite nayo kwa telala, thonje limafupika, tikasoka yosachapa diresi imadzathina m'khwapa n'kumati telala anaba nsalu. Ndipo abweretse sabata ino kapena yamawa, mwezi wa maukwati makina amakhala odzaza komanso magetsi sitingawadalire.